Kukonzekera colonoscopy mukuchokera ku Mangochi

Adokotala akakulemberani m'buku la kuchipatala kuti mukaunikidwe matumbo, chipimo chomwe amachitcha colonoscopy, dziwani kuti gawo lovuta lagwera inu. Lawo ndi lalifupi, mphindi 30, zikachuluka 45. Amalowetsa kapaipi kofewa kudzera kotulukira chimbudzi, kukula kwake sentimita imodzi ndi pang'ono, kumapeto kwake kuli kamera ndi kagetsi, n'kumayang'ana pa sikirini khoma lonse la matumbo aakulu. Matumbowo ndi aatali pafupifupi mita imodzi ndi theka, okhotakhota, odzaza makwinya. Kachotupa ka mamilimita 5 kamabisala bwinobwino kuseri kwa khoko la nyemba zomwe munadya dzana, ndipo kamera siona kupyola chimbudzi.

Mukafika m'mimba musanayere, amakubwezani, kapena amaunika pomwe pakuoneka n'kukuuzani kuti mudzabwerenso. Munthu wa ku Ndirande amangodandaula n'kukwera minibasi imodzi kubwerera kwawo. Ife a kuno kunyanja timakhala tataya thiransipoti ya anthu awiri, ndalama ya malo ogona, komanso tsiku lomwe tinalidikira nthawi yaitali. Chipimochi chimachitikira ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ndi zina zolipira za m'mizinda imeneyi. Kuchoka pa Boma kudzera ku Liwonde ndi Zomba mpaka ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo wochokera ku Makanjira, ku Namwera kapena ku Monkey Bay amakhala atayenda kale asanafike n'komwe pa Bomapo. Ulendo wotere ndi woyenda kamodzi, zinthu n'kutheka.

Zomwe zalembedwa pano ndi zomwe zipatala zambiri zimatsata. Pepala lomwe akupatsani kuchipatala chanu likasiyana nazo, tsatirani pepalalo.

Musanatuluke m'chipinda cha adokotala

Tulukani muli ndi tsiku ndi ola, dzina la mankhwala otsuka m'mimba, ndi yankho lomveka ngati akupatsani iwo kapena mukagule ku famase. Ngati n'zogula, ziguleni sabata isanakwane, chifukwa si famase iliyonse imasunga. Pemphani nambala ya foni ya komwe amaunikirako, ndipo mudzaimbe kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti mutsimikize. Makina amawonongeka, masiku amasuntha, ndipo bola kumva zimenezi muli kwanu kusiyana ndi kuzimva mutamwa kale malita anayi a mankhwala.

Ngati tsikulo lagwera m'mwezi wa Ramadhani, nenani pomwepo. Kutsuka m'mimba kumafuna kumwa madzi usana wonse, choncho sikungayendere limodzi ndi kufunga. Mwina akusunthirani tsiku. Ngati vuto lanu silingadikire, kambiranani ndi ashehe, paja wodwala amaloledwa kudzabweza masiku ake pambuyo.

Auzeninso adokotala ngati mumasamba, kuchapa kapena kusodza m'nyanja. Kuyambira mu 2017 ofufuza akhala akupeza m'mbali mwa nyanja m'boma lino nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo ana asukulu anapezeka nalo. Likodzo limeneli limatulutsa magazi m'chimbudzi, monganso kamwazi ndi matenda a mudzi, ndiye adokotala ayenera kulidziwa. Koma chonde musadzigamule nokha kuti "ndi likodzo basi" n'kusiya ulendo. Munthu akhoza kukhala ndi likodzo kapena mudzi, n'kukhalanso ndi chotupa m'kati. Ngati mukuwonda osadziwa chifukwa, magazi akukuthani, kachitidwe ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, kapena wina wa m'banja mwanu anadwalapo khansa ya m'matumbo, pitani ndithu.

Mankhwala omwe mumamwa kale

Tengani mapaketi onse mukawaonetse, osati kungofotokoza kuti "toyera tating'ono tija".

Mapiritsi oonjezera magazi, a ferrous sulphate, amasiyidwa kutatsala masiku 7. Amadetsa chimbudzi n'kuchimata pakhoma la matumbo, ndipo chikamatika chotero ngakhale mankhwala otsuka amavutika nacho. Ambiri otumizidwa kukaunikidwa amakhala pa mapiritsi amenewa chifukwa cha kuchepa kwa magazi komweko, ndiye apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Siyaninso loperamide ndi mankhwala ena oletsa kutsegula m'mimba.

Warfarin ndi clopidogrel, omwe amaletsa magazi kuundana, musasiye kapena kupitiriza mwa nzeru zanu. Adokotala ndiwo anene tsiku losiyira ndi loyambiranso. Aspirin wa mlingo wochepa nthawi zambiri amapitirizidwa.

A matenda a shuga, pemphani kuti akuikeni m'mawa, ndipo akulembereni zochita ndi metformin, glibenclamide kapena insulin pa tsiku lomwe simudzadya. Glibenclamide ndi insulin m'mimba mopanda kanthu zimagwetsa shuga koopsa. Mukayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda, imwani madzi a shuga nthawi yomweyo. Amenewa ndi ololedwa. A BP ambiri amapitiriza kumwa, koma funsani za okodzetsa monga HCTZ ndi furosemide, komanso enalapril, chifukwa thupi likamataya madzi ambiri amalemetsa impso. Brufen ndi diclofenac nawonso asiyeni masiku amenewa. Mutu ukawawa, Panado ndi wokwanira.

Ma ARV, mankhwala a TB ndi a khunyu musadumphitse, koma samalani nthawi. Piritsi lomwe mwameza pafupi ndi nthawi yomwera mankhwala otsuka limangokokoloka lisanalowe m'magazi, choncho pakhale mpata wa ola limodzi kapena kuposa musanayambe kumwa otsukawo. Ma ARV omwe ambiri akumwa masiku ano ali ndi dolutegravir, yemwe sagwirizana ndi magnesium wopezeka m'mankhwala otsuka m'mimba a Picolax ndi Picoprep. Ngati mwapatsidwa amenewa, ARV mumumwe maola awiri musanayambe, kapena patatha maola 6. Amayi omwe amamwa mapiritsi olera agwiritsenso ntchito kondomu masiku 7 otsatira. Ngati muli oyembekezera, kapena muli ndi vuto la impso kapena la mtima, nenani musanapatsidwe mankhwala otsuka, chifukwa si onse omwe angakuyenereni. Kusamba kwa kumwezi sikulepheretsa chipimochi.

Zitsamba zotsegula m'mimba sizilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala, ngakhale zitakhala zotchipa. Zimapotokola m'mimba, zimatha madzi m'thupi, koma matumbo osayera.

Kutatsala masiku atatu: zakudya

Cholinga n'chakuti mudye zinthu zosasiya zotsalira zambiri. Zomwe azaumoyo amatilimbikitsa masiku onse, mgaiwa, nyemba, masamba ndi zipatso, ndi zomwe muzipewe masiku atatu okhawa.

Nsima ikhale ya ufa woyera. Mgaiwa ayi, chigumu ndi zitumbuwa ayi, Likuni Phala ayi. Phala la ufa woyera lilibe vuto bola musatsire nsinjiro. Mpunga woyera, buledi woyera, mazira, mbatatesi yosenda n'kuwiritsa, nthochi yakupsa, nkhuku yochotsa khungu, zonsezi idyani mpaka kukhuta. Musayambe kudzimana chakudya msanga, mudzafooka pa tsiku lomwe mukufuna mphamvu.

Nsomba ndiye tili nazo, koma sankhani. Chambo, kampango ndi mlamba ndi zabwino, mudye mnofu wokha. Usipa, bonya ndi matemba timadya ndi mitu ndi minga yomwe, ndiye zidikire. Msuzi wa tomato ndi anyezi musefe, chifukwa khungu la tomato ndi njere zake zimafika m'matumbo aakulu zili momwemo.

Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mtedza, chitowe, chimanga chowotcha kapena chophika, chinangwa ndi mbatata ya kholowa, siyani. Ndiwo zamasamba zonse, kaya nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, chigwada, kabichi kapena therere, siyani. Kanyenya ndi nyama yolimba ya mbuzi zidikirenso. Pa zipatso, zoipitsitsa ndi za njere zing'onozing'ono monga gwafa ndi mavwende, chifukwa njerezo zimatsekanso kabowo ka kapaipi komwe adokotala amakokera madzi otsala. Mango ali ndi ulusi. Ndikudziwa kuti mu Disembala kuuza munthu wa ku Mangochi kuti asadye mango n'kumulakwira, koma ndi masiku atatu okha.

Ngati mumadzimbidwa kawirikawiri, kutha masiku atatu osapita kuchimbudzi, uzani adokotala. Nthawi zambiri amakuyambitsani zakudya zimenezi msanga, kapena kukuonjezerani mapiritsi otsegula m'mimba a Dulcolax.

Ulendo

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mankhwala otsuka m'mimba samwedwa munthu ali ndi ulendo wa pa minibasi. Akayamba kugwira ntchito sakupatsani mpata woti muuze kondakitala kuti aimitse galimoto. Tinene kuti akuunikani Lachinayi m'mawa. Nyamukani Lachiwiri. Lachitatu lonse mukhale pamalo amodzi, pafupi ndi chipatala. Lachinayi akuunikeni, mugonenso konko, mubwerere Lachisanu. Ena amayesa kumwera mankhwala kunyumba n'kulawira mbandakucha wa tsiku lomwelo kuti apulumutse ndalama ya malo ogona. Amafika atatopa, atachepetsa dala mankhwala poopa manyazi a panjira, ndipo ndi omwewo amabwezedwa.

Lachiwirilo mukhala muli kale pa zakudya zosankha. Pa Liwonde mawindo a minibasi amadzaza chimanga chowotcha, mtedza ndi zipatso, ndipo njala ya paulendo siimva malangizo. Nyamulani mazira owiritsa, buledi woyera ndi madzi kuchokera kunyumba.

Pitani ndi gadiyani, munthu wamkulu yemwe simumuchitira manyazi. Zipatala zambiri sizipereka mankhwala ogonetsa kwa munthu wobwera yekha. Kaya mukafikira kwa achibale kapena ku malo ogona alendo, funso loyamba likhale la chimbudzi: chili pafupi bwanji, mumagwiritsa ntchito anthu angati, madzi amatuluka usiku? Tungiranitu ndowa ziwiri. Ngati ndi chokumba cha panja, konzani tochi, ndipo kwa agogo ikani ndowa ya chivindikiro m'chipinda momwemo, chifukwa kunjuta kambirimbiri usiku mawondo amatha mphamvu, chizungulire n'kubwera. Pamatiresi yalani pulasitiki ndi chitenje chakale. Gulani Vaseline.

Tsiku la madzi okhaokha

Zipatala zina zimalola kadzutsa wopepuka m'mamawa, monga tiyi ndi buledi woyera, zina ayi. Kuchoka apo palibenso chotafuna mpaka chipimo chitatha. Chololedwa ndi chakumwa chomwe mukachithira m'tambula ya galasi n'kuika pepala kuseri, zolemba zikuoneka: madzi, tiyi wopanda mkaka koma wa shuga, Sprite, Sobo wa chinanazi wosungunula, Thanzi ORS, msuzi wa nkhuku kapena wa nsomba wosefa pa kansalu koyera. Msuzi umenewu musaunyoze. Mchere wake umachotsa kufooka kuposa zotsekemera zonse. Thanzi akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi.

Thobwa, maheu, chambiko, mkaka ndi phala lamadzi ndi zakumwa, inde, koma zimasiya zotsalira, ndiye ayi. Zofiira ndi zofiirira monga Cherry Plum ndi chidede zimapaka khoma la matumbo mtundu womwe umaoneka ngati magazi pa sikirini. Mowa ayi. Madzi akhale owiritsa kapena othira WaterGuard. Imwani kapu imodzi ola lililonse, ndipo ngati ndi m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, onjezerani.

Kumwa mankhwala

Alipo a mitundu iwiri. Klean-Prep ndi Fortrans ndi a madzi ambiri: mapaketi anayi, lililonse mu lita imodzi. Moviprep ndi wa gulu lomwelo koma malita awiri, kuphatikiza lita ina ya madzi wamba. Picolax ndi Picoprep ndi a madzi ochepa, paketi imodzi m'kapu ya mamililita 150, kawiri. Mukamatakasa kapu imafunda, musadabwe, dikirani izizire. Koma kuchepako kusakupusitseni: amenewa amakoka madzi a m'thupi mwanu, choncho pambuyo pa paketi iliyonse muyenera kumwa makapu ambiri a madzi, apo ayi mudzauma kukhosi matumbo osayera.

Lita muyeze, musayerekeze. Botolo la Sobo la malita awiri lotsuka bwino limakwana mapaketi awiri. Thirani ufawo, dzazani madzi, tsekani, khutchumulani mpaka pansi pasatsale kanthu. Ngati pali firiji liikeni mmenemo, ngati palibe limizeni mu ndowa ya madzi ozizira. Kenako kapu imodzi ya mamililita 250 pa mphindi 10 kapena 15 zilizonse, mukuyang'ana wotchi ya pa foni.

Kapu yoyamba imapita bwino. Yachinayi ndi pomwe pamayambira nkhani. Mankhwalawa ndi amchere pang'ono, oterera palilime, ndipo mimba imakhala yadzaza kale koma kuchimbudzi kulibe chizindikiro. Imwani mwachangu osalawa, kapena ndi sitiro yoika kumbuyo kwa lilime, kenako yamwani kachidutswa ka ndimu. Yendayendani pakhonde. Mseru ukakula pumani mphindi 20 kapena 30 n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Kwa ambiri m'mimba mumatseguka patatha ola limodzi kapena awiri, ena atatu. Pakani Vaseline musanayambe kupita, osadikira kuti pachite kuwawa, ndipo muzisambitsa ndi madzi m'malo mopukuta ndi pepala. Abale athu achisilamu pamenepa ali kale patsogolo. Kuzizidwa n'kwachibadwa, fundani.

Zipatala zambiri masiku ano zimagawa mankhwala pawiri, theka madzulo, theka mbandakucha. Anthu amadana nalo gawo la m'mawali chifukwa ngati akuunikani 9 koloko ndiye kuti mudzuke cha m'ma 4. Musalithawe, ndipo musaliphatikize ndi la madzulo kuti mugone bwino. Usiku wonse matumbo aang'ono amakhala akutsanulira ndulu ndi zoterera m'matumbo aakulu, makamaka mbali ya kumanja komwe zotupa zosalala zimavuta kuona. Gawo la m'mawa ndi lomwe limatsuka zimenezo. Mumalize kumwa chilichonse kutatsala maola awiri, kapena monga pepala lanu lanenera.

Mudziwa bwanji kuti mwayera? Poyamba chimbudzi chimatuluka cholimba, kenako phala lakuda, kenako madzi abulawuni okhala ndi tizidutswa. Pomaliza pamatuluka madzi achikasu oonekera, ofanana ndi mkodzo. Pa chimbudzi chokumba simungaone, ndiye ulendo womaliza gwiritsani ntchito ndowa muyang'ane. Ngakhale madzi atayera msanga, malizani mankhwala onse.

Lekani kumwa ndipo thamangirani kuchipatala ngati mukusanza osalekeza, mimba yatupa ndi kuwawa kwambiri koma palibe chotuluka ngakhale mpweya, mwakomoka kapena mutu wasokonezeka, mkodzo wasiya kutuluka, kapena nkhope ndi milomo zatupa. Agadiyani, usiku umenewu si wogona tulo tofa nato, makamaka ngati wodwala ndi wachikulire.

Tsiku lenileni

Nyamulani buku la kuchipatala, kalata yokutumizani, zotsatira za magazi, mankhwala anu onse, kabudula wam'kati wina, chitenje, ndi chakudya chodzadya mukatuluka. Ndolo, mphete ndi ndalama zambiri musiyire gadiyani.

Anesi adzakufunsani mafunso, ndipo ife Amalawi tili ndi chizolowezi chovomera kuti tisakhumudwitse munthu.

"Agogo, mankhwala aja munamaliza onse?"

"Eee, ndinamaliza, mayi."

Pamenepo botolo latsala theka kunyumba. Nenani zoona: "Ndinamwa mapaketi atatu, lachinayi ndinasanza, ndipo zomwe zikutuluka zikadali zabulawuni." Akadziwa msanga akhoza kukupopani madzi otsuka kumunsi, kapena kukusunthirani masana kuti mumalize kumwa, ulendo wanu osapita pachabe. Amayi omwe angamasuke pakakhala nesi wamkazi m'chipindamo apemphe, n'zololedwa.

Mudzasaina fomu yovomereza. Funsani chilichonse musanasaine. Zoopsa zilipo koma n'zosowa: kutaya magazi pomwe adula, ndi kubooka kwa thumbo, komwe kumachitikira munthu wosapitirira mmodzi pa 1,000. Adzakuikani kanyula padzanja ndi kachipangizo koyeza mpweya pachala, n'kukugonekani chammbali cha kumanzere mawondo atapindidwa. Ena amapatsidwa mankhwala oodzeretsa ndi opha ululu, ena amaunikidwa ali maso. Amapopera mpweya kuti matumbo atambasuke, ndiye mumamva kudzaza ndi kupotokola, makamaka pokhota. Mpweya ukafuna kutuluka, utuluke. M'chipinda chimenecho palibe amene amaseka. Mwina adzakutembenuzani chagada, kapena anesi adzakanikiza pamimba kuti kapaipi kadutse.

Akapeza kachotupa kakang'ono amakakola ndi kawaya n'kukadula pomwepo, njira yomwe madokotala Hiromi Shinya ndi William Wolff anayambitsa ku New York mu 1969. Simumva kudulako, chifukwa khungu la m'kati mwa matumbo silimva mpeni. Khansa zambiri za m'matumbo zimayambira pa tizotupa totere, zaka zambiri zisanafike poopsa, ndiye kachotsedwa kamodzi ndi phindu lalikulu la ulendo wonsewu.

Mukatuluka

Mudzapuma ola limodzi kapena kuposa. Yambani ndi tiyi ndi phala, nsima madzulo. Mimba ikhala yodzaza mpweya kwa maola angapo, ndipo mwina padutsa masiku awiri kapena atatu musanachite chimbudzi, poti m'kati mulibe kanthu. Ngati munapatsidwa mankhwala oodzeretsa, kwa maola 24 musayendetse galimoto kapena njinga yamoto, musamwe mowa, musasaine za ndalama. Asodzi, panyanja musalowe tsiku lotsatira, ndipo ngati anadula chotupa funsani kuti ntchito yokoka makoka muyambe liti.

Timadontho ta magazi pa chimbudzi choyamba si vuto. Magazi ambiri kapena oundana, chimbudzi chakuda bii, kuwawa kwa m'mimba komwe kukukulirakulira, mimba kuuma, kutentha thupi, zimenezi n'zothamangira kuchipatala usiku womwewo. Pomwe adula chotupa pakhoza kutuluka magazi ngakhale patatha masabata awiri, muli kale kwanu. Zikatero musayambe ulendo wa ku Blantyre. Pitani ku chipatala chomwe chili pafupi, kaya cha Boma, cha Monkey Bay kapena St Martin's ku Malindi, mutanyamula pepala la zomwe anakuchitani.

Pepala limenelo musachoke osalitenga, ndipo gadiyani akhalepo adokotala akamafotokoza, chifukwa mankhwala oodzeretsa amaiwalitsa. Funsani tsiku loyambiranso warfarin ndi mapiritsi oonjezera magazi. Ngati atenga kanyama kokapima ku labu, zotsatira zimatenga masabata angapo. Lembani m'buku nambala ya kanyamako, komwe mukatengere zotsatira, foni yoimbira, komanso ngati zingatheke kuzitumiza ku chipatala cha Mangochi kuti musayendenso. Nthawi yomwe anakuuzani ikadutsa foni osalira, imbani ndinu.